Mawu Amodzi Pansi pa Chithunzi

Anafika pamwamba pa phiri dzuwa lisanatuluke. A Mapu anali patsogolo, kamera ili pakhosi, miyendo itatu yoimikapo kamerayo ili paphewa. Dzina limeneli anawapatsa ndi ana amene ankawaphunzitsa jogalafe, ndipo linawakanirira mpaka anthu anaiwala lenileni. Telala amabwera pambuyo ali wefuwefu, nsapato zitanyowa ndi mame.

"Miyezi isanu ndi itatu mukundiuza za phiri," anatero Telala. "Ndiye ndi limeneli? Ine ndikungoona utsi."

"Ndi nkhungu. Dikirani pang'ono."

"Amuna anzanu amatengera akazi kokadya. Inu mwanditengera kodzaona nkhungu."

A Mapu anamwetulira, n'kuyamba kumanga kamera. Chiwamwalirireni akazi awo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, Loweruka lililonse ankalowa m'galimoto yawo yakale kukajambula mapiri, zigwa ndi milatho. Zithunzi zonse zinali zakuda ndi zoyera, ndipo munalibe munthu ngakhale mmodzi. A Mapu anamudziwa Telala, mayi wosoka zovala, atapita kwa iye ndi buluku kukapinditsa. Anapitanso ndi lachiwiri, kenako ndi lachitatu limene linalibe vuto lililonse, ndipo Telala anawauza kuti akafuna kucheza azingobwera chimanjamanja.

Kwawo kwa Telala nkhaniyi sinkamveka bwino. Mayi ake ankati bamboyo ndi wamkulu, komanso anaika kale mkazi m'manda. N'chifukwa chake m'mawa umenewo Telala anatsanzika kuti akupita kutauni kukaoda nsalu.

"Koma mtundu pa zithunzi unakulakwirani chiyani?" anafunsa akuwayang'ana akusuzumira m'kamera.

"Umasokosa. Ukauchotsa pamatsala kuwala ndi mthunzi. Phiri limaonetsa msana wake weniweni."

"Ine ndikachotsa mtundu ndigona ndi njala. Tanenani, diresi ndavalali ndi lamtundu wanji?"

A Mapu anadzutsa mutu n'kuliyang'ana mofatsa. "Ndi lakuda pang'ono kuposa mwala uwo."

"Ndi lagirini, bambo inu."

Anawasiya n'kuyenda cha kumapeto kwa thanthwe. Nthawi yomweyo dzuwa linang'amba nkhungu, chigwa chonse chinayamba kutseguka pansi pake pang'onopang'ono. Telala anali ataima pakati penipeni pa chithunzi, atawafulatira, ali wamng'ono ngati chala. Akanakhala wina, a Mapu akanamupempha kuti asunthe. Anangodina.

Atamuonetsa chithunzicho, Telala anachiyang'anitsitsa.

"Nkhope sikuoneka."

"N'chifukwa chake chakongola," anatero a Mapu, kenako anamva okha zimene anena. "Ndikutanthauza kuti kunyumba sangakuzindikireni."

"Mwapulumukira pamenepo. Ikanitu pa sitetasi monga mumachitira. Msana wanga palibe amaudziwa."

Pansonga ya phiripo netiweki imagwira. A Mapu anatumiza chithunzicho kuchoka mu kamera kupita pa foni. Chizolowezi chawo chinali kulemba mawu amodzi okha pansi pa chithunzi: Mlatho. Mvula. Kutali. Anayang'ana chigwa chili phee, mbalame imodzi ikuuluka m'munsi mwawo, n'kulemba kuti: Mumtendere.

*

Atabwerera pa galimoto, anatsikira mbali ina ya phiri, kumene foni siilira. Anaima pamtsinje, a Mapu akudikira kuti mtambo usunthe uchotse mthunzi pa mlatho. Mtambowo unatenga ola lathunthu. Telala anakhala pamwala, mapazi ali m'madzi, akuwasenda malalanje.

"Mtambo mumaudikira ola," anatero. "Nanga ine mundidikiritsa mpaka liti?"

A Mapu anali ndi mawu amene anawakonza mlungu wonse. Anawayeserera ngakhale m'bafa. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali chakuti mitambo yamtundu umenewo siibweretsa mvula.

"Zikomo aphunzitsi," anatero Telala. "Ndikalemba pa mayeso."

Cha m'ma thwelofu anatulukira mumsewu wa tala n'kuima pothira mafuta. Foni ya Telala inayamba kunjenjemera m'chikwama, osalekeza. Ya a Mapu nayonso inayamba. Telala anaona kuti anthu amuimbira ka makumi anayi ndi katatu. Asanatsegule uthenga uliwonse, achimwene ake anaimba.

"Halo, achimwene."

Mawu a achimwenewo anabwera monong'ona.

"Ndani akulankhula?"

"Ndine. Mwatani kodi?"

"Talankhulanso."

"Achimwene, mukundiopsa."

Anamva munthu wamwamuna akupuma movutika, ngati wathamanga mtunda wautali. "Uli kuti iwe? Kunyumba kwadzaza anthu akukulira. Amayi anakomoka, tili nawo kuchipatala. Bipi yakwera kwambiri."

"Akundilira? Ndamwalira liti ine?"

"Funsa aphunzitsi akowo. Ndakutumizira."

Uthengawo unalowa. Chinali chithunzi cha m'mawa chija, wina atachijambula pa sitetasi ya a Mapu. Pansi pake panali mawu a Makaniko, mnzawo wa achimwene ake, amene wakhala akumufunsira Telala kwa zaka ziwiri: "Achimwene, kodi uyu si mlongo wanu? Pepani kwambiri. Ndilibe mawu."

A Mapu anatenga foniyo. Kwa nthawi yoyamba sanaone kuwala ndi mthunzi. Anaona zimene aliyense anaona: chithunzi chopanda kalala, mkazi atafulatira akulowa mu nkhungu, ndi mawu aja pansi pake. Pa sitetasi, chithunzi cha munthu amachichotsa mtundu akamwalira. Ndipo mwa anthu onse, iwo ndi amene anayenera kudziwa zimenezo.

"Ine ndimanena chigwa," anatero motsitsa.

"Lizani galimoto," anatero Telala.

*

Panali maola awiri kuti akafike. A Mapu anafufuta sitetasi ija, koma anthu zana ndi khumi ndi awiri anali ataiona kale. Telala anatenga mafoni onse awiri n'kuwaika pamiyendo. Yake amayankha, ya a Mapu amawawerengera.

"Eee, ndine ndemwe, anti. Ayi, si ngozi. Ayi, sindikudwala." Anadula. Inaliranso. "Madiresi a ukwati aja alipo, mayi, musadandaule. Ndili moyo, ndimaliza Lachitatu." Anadula n'kuseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Ameneyu sanafunse n'komwe ngati ndili bwino."

A Mapu anagwira chiwongolero ndi manja awiri. Ankafuna kupepesa, koma mawu onse amene amawabwerera anali aang'ono.

"Ahedi anu akuti apereka basi ya sukulu ngati ikufunika," anawerenga Telala. "Oyandikana nanu nyumba akufunsa ngati ndi mbale wanu." Anatsegula uthenga wina. "Uwu ndi wa mwana wanu."

Mwana wawo anali mmodzi yekha, wamkazi, amene amagwira ntchito mumzinda wina wakutali. Ankaimba Lamlungu lililonse. Za Telala sankadziwa chilichonse.

"Akuti chiyani?"

"Akuti, 'Nanenso ndawasowa, adadi.' Waika ndi kamtima."



"Akuganiza kuti mumakumbukira mayi ake," anatero Telala. "Anthu akwathu akuona maliro anga. Mwana wanu akuona mayi ake. Pa chithunzi chonsecho palibe waona ine."

"Ine ndinaona inu."

"Mukanalemba zimenezo."

*

M'khonde la chipatala munali fungo la mankhwala otsukira pansi. Achimwene ake a Telala anadzuka pa benchi, anamugwira mlongo wawo m'mapewa n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanamukumbatire. A Mapu anatambasula dzanja, koma linangotsala m'malere.

Pambali panaima Makaniko, atavala malaya oyera, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala.

"Aphunzitsi, mwafika bwino? Mabuleki aja sanavute?"

"Sanavute."

"Tithokoze Mulungu. Paja ndinakuuzani mwezi watha kuti akumbuyo atha." Anatembenukira kwa achimwene aja. "N'chifukwa chake ine nditangoona chithunzi chija mtima unangoti phwii. Ndinati basi, galimoto ija yachita zake kuphiri."

"Munandidziwa bwanji?" anafunsa Telala. "Nkhope sikuoneka."

"Mlongo, inu ndingakusoweni? Diresi limenelo munavala tsiku limene ndinabwera kudzakonza geti. Ngakhale alichotse mtundu, ine ndilidziwa."

"Ndiye munthu ukaona choncho umathamangira kuuza abale? Osayamba wafunsa mwini sitetasi?"

"Ndinaimba kasanu. Taonani." Anaonetsa foni, ndipo zinali zoona. "Yanu osalowa, ya aphunzitsi osalowa. Ndinapita mpaka kushopu kwanu, ndinapeza kotseka. Mukanakhala inu mukanatani?"

"Akanapanda iyeyu, amayi tikanawataya," anatero achimwene aja. "Ndi amene anawanyamula, kuwathamangitsira kuno. Pamene ena anali kuphiri kujambula mitambo."

A Mapu anafunafuna bodza m'mawu a Makaniko koma sanalipeze. Chilichonse chimene ananena chinachitikadi. Chokhacho n'chakuti pakamwa pake pamaoneka ngati pa munthu amene wadya n'kukhuta.

"Achimwene, ndalakwa," anatero a Mapu. "Sindinaganize."

"Musanditchule achimwene. Inu ndi ine wamkulu ndani? Ndipo munthu wophunzira ngati inu akati sanaganize, ife a fomu thu tinene chiyani?"

Nesi anatulukira pakhomo la wodi. "Akuti alowe mwana wawo. Ndi bambo ojambulawo."

*

Mayi ake a Telala anagona chotsamira mapilo awiri, diripi ili padzanja. Ataona mwana wawo sanalire. Anamukodola, anamugwira tsaya, khutu, kenako dzanja, akulifinya chala chimodzichimodzi ngati akuwerenga.

"Wadya?"

"Ndadya, amayi."

"Nsalu zili kuti?"

Telala anayang'ana pansi.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu," anatero mayiwo. "Uli kamwana sunandinamizepo. Wayamba ukalamba uno." Anatembenuza mutu. "Ndinu amene munandiphera mwana m'mawa uno?"

A Mapu anaima kumapazi kwa bedi, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu. "Amayi, ndikupepesa ndi mtima wonse. Mawu aja ndimanena malowo. Kunali bata."

"Kunyumba kwanga kunalibe bata. Ndinali ndikuchapa. Ndinangoona anthu akulowa pageti, amayi anzanga akundilanda sopo m'manja." Anapuma. "Andionetsa chithunzi chanucho. Ndachiyang'ana bwinobwino. N'chokongola, sindikana. Koma ndikufunseni. Nkhope ya mwana wanga ili ndi chiyani?"

"Ilibe kanthu, amayi."

"Nanga bwanji munamujambula kumsana? Mwamuna akakonda mkazi amafuna anthu aone nkhope. Inu mwamuika patali, wamng'ono, wotuwa, ngati wakuba akuthawa. Mukumubisa kwa ndani?"

"Amayi, ndine ndinawauza kuti—"

"Iwe khala chete, wamwalira kale lero." Maso awo sanachoke pa a Mapu. "Ine ndimati vuto lanu ndi zaka. Ayi. Vuto lanu n'lakuti dzanja lanu linazolowera kulemba mawu amenewo. Likangogwira foni limapita komweko lokha. Maliro a kwanu sanathe, bambo. Ndiye mukufuna mwana wanga adzakhale pati m'nyumba imeneyo?"

A Mapu anayang'ana botolo la diripi, madontho akugwa limodzilimodzi. Akanatha kufotokoza za kuwala, za mmene munthu wamng'ono amaonetsera kukula kwa phiri. Anadziwa kuti zonsezo zikanangotsimikiza zimene mayiwo ananena.

"Mulibe yankho?"

"Ndilibe, amayi."

"Chabwino kuti simunaname. Tulukani, ndipume. Mukamuuze mwana wa galaja uja alowe, ndimuthokoze."

*

Anakadikira poimika magalimoto, atatsamira boneti. Dzuwa linali litapendeka. Patapita nthawi Telala anatulukira, foni ili kukhutu.

"Ayi, agogo, si mzimu. Ndine ndemwe." Anadula n'kuima patsogolo pawo. "Achimwene alemba paliponse kuti ndili moyo, koma anthu sakukhulupirira. Ena akuti banja likubisa. Mnzanga wina wa kusukulu walemba kale ndakatulo."

"Ndichite chiyani? Ndiuzeni, ndichita."

"Vuto lanu ndi limenelo. Zonse mpaka ndikuuzeni." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Nkhaniyi inayambira pa sitetasi yanu, ithere pomwepo. Ndijambuleni. Nkhope. Cha kalala. Ndipo mulembe kuti ndine ndani."

"Ndilemba kuti muli moyo."

"Zimenezo alemba kale achimwene. Ndati mulembe kuti ndine ndani kwa inu. Mawu amodzi, monga mumachitira ndi milatho yanu."

"Mwana wanga aona."

"Aone. Kapena mukufuna adzamve kwa Makaniko?"

A Mapu anatenga kamera. Anafufuza poisinthira kuti ijambule za kalala, anadina apa, anadina apo, koma anali ataiwala. Zaka zisanu ndi chimodzi sanapagwirepo.

"Gwiritsani foni, bambo inu, dzuwa lilowa."

Telala anaima pafupi ndi mpanda wa chipatala. Anakonza tsitsi, anawongola kolala, n'kukonza sikafu yaubweya imene a Mapu anaitulutsa m'buti m'bandakucha atamuona akunjenjemera. Sanamwetulire. Anayang'ana molunjika, maso ali ofiira ndi kulira. A Mapu anabwerera m'mbuyo mwachizolowezi kuti mitengo ndi thambo zilowe.

"Senderani kuno. Si phiri ili."

Anasendera mpaka nkhope inadzaza foni yonse. Anadina.

Polemba mawu ndi pamene anachedwa. Analemba "Telala", anafufuta. Analemba "Bwenzi", anafufuta. Telala sanawathandize. Pomaliza analemba zilembo zisanu n'kumuonetsa: Wanga.

Telala anawerenga. "Tumizani musanasinthe maganizo."

Anatumiza. Anaima moyandikana, mapewa akukhudzana, akuyang'ana foni. Sipanathe mphindi, pansi panaoneka kuti munthu mmodzi waona. Anali mwana wawo. Anayamba kulemba, anasiya. Anayambanso, anasiyanso. Kenako uthenga unalowa.

"Adadi, sikafu yofiira avalayo ndi ya amayi. Ndinawagulira ndine ali m'chipatala."

A Mapu anadzutsa maso. Inalidi yofiira, yokhala ndi timizere tachikasu m'mphepete. Yakhala m'buti zaka zonsezi, pansi pa chikwama cha kamera, ndipo ankakulungira magalasi a kamera kukakhala fumbi. M'maso mwawo inali nsalu yotuwirako basi.

"Sindinadziwe," anatero. "Ndikulumbira, sindinaone."

"Ine ndinaona m'mawa womwe uja kuti ndi ya munthu wamkazi," anatero Telala. "Nsalu ndi ntchito yanga. Ndimati mwina munena nokha."

Anaivula pang'onopang'ono. Anaipinda pakati, anaipindanso, anaisalaza ndi chikhatho monga amachitira ndi chovala cha kasitomala, n'kuiika pa boneti pakati pa awiriwo.

Foni inayamba kulira. A Mapu anaiyang'ana ikulira kachiwiri, kachitatu.

"Yankhani," anatero Telala. "Ine ndili pompano. Ndimve mmene mundinenere."

Anadina n'kuiika kukhutu. "Mwanangu."

Mawu a mwanayo anali odekha, odekha kwambiri, ndipo amamveka mpaka pamene Telala anaima.

"Adadi, inu tilankhulana mawa, ndagula kale tikiti ya basi. Panopa mundipatse mayiyo."

A Mapu anagwira foniyo zolimba, osadziwa koipititsa. Telala anatambasula dzanja.